Kola wa Sajeni Zakari

Asilikali atachoka pabwalo la ndege la Tambiri anasiya zinthu ziwiri: msewu wa ndege wong'ambikang'ambika, ndi Sajeni Zakari. Boma linamata msewuwo, n'kupaka penti paliponse, n'kukhoma chikwangwani choti tsopano ndi bwalo la anthu wamba. Zakari yekha ndiye anasowa pomupaka penti.

Kwa zaka makumi atatu ntchito yake yeniyeni inali imodzi. Msewuwo umathera pamalire, moti ndege ikafuna kutera imayamba yakhotera mumlengalenga mwa eni, kutsidya kwa mtsinje. Ndiye tsiku la ndege Zakari ankapalasa njinga kukalonjera mkulu wa asilikali akutsidyako, atakulunga mtedza wa kola m'masamba. Mkuluyo akatafuna kolayo, ndege inkadutsa mwamtendere.

Kenaka kunabwera bwana Tetteh wa kulikulu, tayi pakhosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Madala, kola pabwalo lamakono ngati lino? Ife tili ndi pangano losainidwa ndi akutsidyawo! Pitani mukapume, mwakalamba."

"Bwana, pepala satafuna," anatero Zakari.

A muofesi anaseka mpaka kugwira nthiti. Zinamuwawa Zakari, tisabise. Anapereka makiyi a pageti, nakankha njinga yake ulendo wa kunyumba.

Tsiku lotsegulira bwalolo, aaa! Mahema, ng'oma, mafumu m'mikanjo yawo, amayi akuwauka padzuwa ndi timbendera chiyambire m'mawa. Ndege ya alendo olemekezeka inatulukira, n'kukhotera kutsidya kuja monga mwa kale. Phuu! Phuu! Mfuti yochenjeza inalira kawiri. Ndege inatembenuka ngati nkhuku yaona mphamba, osacheukanso mpaka kulikulu. Oimba ng'oma, posauzidwa kanthu, ankangoimbabe.

Dzuwa litapendeka, Tetteh anatulukira pakhomo pa Zakari, tayi ili m'thumba.

"A Sajeni, bambo anga, akutsidya aja tawaimbira foni. Akuti pepala lathu analiona, koma palibe anabwera kudzawalonjera. Chonde, mawa mupiteko."

Ha, lero ndi bambo ake! Zakari anamuyang'ana kuyambira kunsapato zonyezimirazo mpaka kumutu. Analowa m'nyumba, natuluka ndi njinga ija ndi kampukutu ka masamba, n'kumupatsa zonse m'manja.

"Ine ndakalamba, bwana, munanena nokha. Mukawoloka mtsinje muvule nsapato, munyonyomale, mudikire akulankhuleni. Tchenicho chimaguluka, muzipalasa pang'onopang'ono."