Masofa Obwereka

Hidaya atatsika panjinga ya kabaza, anaima pamsewu n'kumayang'ana nyumba ya makolo ake ngati wasochera. Khoma lomwe analisiya likugumuka m'munsi linali loyera mbee ndi laimu. Pakhonde panali masofa awiri ofiirira, tebulo loyalidwa nsalu yamaluwa, ndipo padenga pankanyezimira sola. Kuseri kwa nyumba kunkamveka amayi akuseka komanso fungo la nkhuku yokazinga.

Mwini kabaza anachita kumukumbutsa kuti alipire.

Tsikuli linali lalikulu kwa Hidaya. Anali m'chaka chachiwiri ku yunivesite, akuphunzira za uphunzitsi. Chaka choyamba anachidutsa ndi mbuzi za bambo ake, Che Wadi, zomwe zinagulitsidwa imodziimodzi mpaka khola linasanduka mosungira nkhuni. Chaka chachiwirichi ankagona mozemba pabedi la mnzake kuhositelo, kudya kamodzi patsiku, ndipo anali atauzidwa kuti mayeso salemba ngati fizi sinamalizidwe. Ndiye kunabwera bungwe lina lothandiza ophunzira osowa, lolipira fizi, chipinda ndi chakudya mpaka munthu amalize. Opempha anali ambiri, malo ochepa. Chotsala chinali chimodzi: munthu wa bungwelo abwere ku Chowe adzaone ndi maso ake ngati pakhomo pa Che Wadi palidi umphawi.

Pafoni Hidaya ananena momveka bwino. "Ababa, musakonze kanthu. Asiyeni aone mmene tikhalira." Bambo akewo anayankha kuti, "Tamva, mwanangu."

Anazungulira kuseri. Amayi ake, Abiti Ayubu, anali pamoto ndi amayi ena atatu oyandikana nawo, atavala chitenje chomwe chinkatuluka m'sutikesi pa chikondwerero cha Idi pokha.

"Eee, wafika wa ku yunivesite!" anatero mmodzi wa amayiwo. "Koma kuonda! Kumeneko mumadya mabuku?"

Hidaya sanaseke. Anapereka moni wachidule n'kukokera amayi ake pambali.

"Amayi, n'chiyani chimenechi?"

"Chiti?"

"Masofawo. Solayo. Laimuyo. Nkhukuyo mwaitenga kuti?"

"Ndi thadzi lija."

"Lomaliza lija?"

"Nanga mlendo wochoka ku Blantyre adye therere?" Abiti Ayubu analankhula monong'ona, maso ali kwa anzawo aja. "Masofa atibwereka a Che Sadiki a golosale. Mbale ndi za gulu lathu la zikwati. Anthu atithandiza kwambiri, ukawathokoze."

"Ndiwathokoze? Amayi, ndinanena kuti chiyani pafoni?"

"Unanena kuti kukubwera munthu wokuthandiza."

"Ndinanena kuti musakonze kanthu!"

"Tsitsa mawu iwe. Sitinakonze kanthu. Tangosesa."

Kunena zoona, Abiti Ayubu sankanama mumtima mwawo. Ku Chowe mlendo wochokera kutali sakhala wa nyumba imodzi. Wina amabwera ndi mpando, wina ndi mafuta ophikira, wina ndi mbale, ndipo mlendo akachoka chilichonse chimabwerera kwa mwini wake popanda wonena kanthu. Ankachita choncho pofunsira mbeta, ankachita choncho akabwera mashehe. Kulandirira pamphasa yong'ambika munthu amene akufuna kuphunzitsa mwana wako, kwa iwo kukanakhala kumutukwana.

Che Wadi anatuluka m'nyumba atavala mkanjo woyera ndi kachisoti kawo, ndevu atazipesa, akununkhira mafuta omwe ankadzola Lachisanu popita kumzikiti. Anamwetulira ataona mwana wawo.

"Wafika bwino? Taona, sitikuchititsa manyazi."

"Ababa, zichoke zonsezi. Pompano. Munthuyu akubwera kudzaona ngati tili osauka. Akapeza masofa ndiye kuti zanga zada."

"Akapeza masofa adziwa kuti wafika pakhomo pa anthu," anatero Che Wadi modekha. "Munthu wophunzira amasiyanitsa ulemu ndi chuma."

"Sasiyanitsa! Amajambula zithunzi!"

Asanayankhe, galimoto yoyera inatulukira pamtengo wa mango, ana a m'mudzi akuithamangira.

A Raymond Kalemba, a ku bungwe lija, anali bambo wa thupi lochepa, wa maso otopa, fumbi lili tsitsi lonse. Sanali munthu wamwano. Anavula chipewa, anagwira dzanja la Che Wadi ndi manja awiri, n'kukhala pasofa akuusa moyo ngati amene msana wamuvuta tsiku lonse. Anati mmawa anali ku Chembe kwa mnyamata wina amene bambo ake anamira panyanja chaka chatha, ndipo madzulo akafike kwa wina ku Makokola.

Anasamba m'manja, anadya mpunga ndi nkhuku, anayamikira kaphikidwe. Hidaya anakhala pampando wa ndalema cha kukhomo, manja atapinda. Ankaona foni ya a Raymond ikukwezedwa mwakachetechete. Inajambula khoma. Inajambula sola. Inajambula tebulo ndi mafupa a nkhuku.

"Bambo Wadi," anayamba a Raymond akupukuta manja, "chaka chino kumunda kunayenda bwanji?"

"Alihamdulillah. Sitidandaula."

"Chakudya chikufikitsani kokolola?"

"Mulungu sagona, bwana."

"Ziweto zilipo?"

"Timaweta, timaweta. Nthawi zina zimachuluka, nthawi zina zimachepa."

Mawu aliwonse ankamubaya Hidaya ngati minga. Ankawadziwa mayankho amenewa. Anawamva pamene mbozi zinatha chimanga, anawamvanso pamene nandolo anasowa wogula. Bambo ake akanatha kugona ndi njala masiku awiri, koma wowafunsa panjira ankamuyankha kuti kunyumba kuli bwino.

A Raymond anagwedeza mutu n'kulowetsa foni m'thumba. Anatembenukira kwa Hidaya ndi nkhope yachifundo, ndipo chifundo chimenecho ndicho chinamutsiriza.

"Chemwali, magiredi anu ndi abwino kwambiri. Koma mukudziwa, malo ndi ochepa, ndipo kumene ndachokera mmawa uno... Tingoti ndikapereka zimene ndaona."

"Mwaona chiyani?"

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene Hidaya ankafunira. Kuseri kuja kuseka kunaleka.

"Hidaya," anatero Che Wadi.

"Ayi, Ababa, andiuze. Mwaona chiyani, bwana? Sofa imene mwakhalirayo ndi ya a Che Sadiki a golosale. Sola ndi ya aphunzitsi a kupulayimale, ndipo sinalumikizidwe ku chilichonse, kaoneni waya wake akulendewera kuseri. Mbale mwadyerayo ndi ya zikwati. Nkhuku mwadyayo inali yomaliza pakhomo pano. Mafuta ophikira sindikudziwa n'komwe kuti ndi a ndani!"

"Ndi anga," anayankha mayi wina kuseri, mwina mosaganiza. Palibe anaseka.

Hidaya anadzuka n'kukoka nsalu yomwe inatchinga khomo la m'nyumba. Inathothoka pamodzi ndi msomali. "Lowani. Bwerani mudzaone."

A Raymond anazengereza, kenaka anamutsatira. M'katimo munalibe laimu. Munali mphasa ziwiri, chingwe chopachikapo zovala, ndi mabeseni awiri oyikidwa pansi pa mabowo a malata adzimbiri omwe Che Wadi anakhoma kalekale chaka china nandolo atagulidwa bwino. Dzuwa linkalowa m'mabowomo ngati mikondo. Anatuluka nawo kukhomo la kuseri, kudutsa pakati pa amayi aja, mpaka pankhokwe. Hidaya anakankha chitseko chake chaudzu. Munali zitsononkho ndi ndowe za makoswe.

"Ziweto ndi izo," anatero akuloza khola la nkhuni. "Zinathera ine. Mng'ono wanga Subira ali folomu 3, amayenda wapansi kupita kusukulu wopanda kanthu m'mimba. Ine kuhositelo ndimabisala kubafa akamabwera oyang'anira zipinda, ngati mbava. Ndiye inu mudye nkhuku yathu, mujambule mafupa ake, mukanene kuti tili bwino?"

Atamaliza m'pamene anazindikira kuti kumpanda kwadzaza anthu. Amayi ake anali ataphimba nkhope ndi mpango. Bambo ake anaima pakona ya nyumba, manja ali kumbuyo, mkanjo wawo woyera ukuwombedwa ndi mphepo. Sanali kuyang'ana iye. Ankayang'ana nkhokwe yotsegulayo, imene mudzi wonse tsopano unkaona m'kati mwake.

A Raymond anakanda pamutu. Analankhula motsitsa mawu.

"Ine ndakhulupirira, chemwali. Ndinabadwira kumudzi, zobwereka mipandozi ndimazidziwa, ndipo ndinayenera kufunsa. Koma kuofesi sawerenga mtima wanga. Amene amapereka thandizoli ali kutali, amafuna kuona." Anatulutsanso foni ija, n'kuyang'ana Che Wadi mwamanyazi. "Bambo, mundikhululukire. Zithunzi zija ndifufuta. Koma pakufunika china cha inu mutaima pankhokwepa. Kungoti... chovalacho."

"Chatani chovalachi?" anafunsa Hidaya.

"N'choyera kwambiri. Akaona aziti ndi munthu wopeza bwino. Mwina akanavala zimene amavala masiku onse."

Hidaya anayang'ana mkanjowo. Mkanjo umenewo bambo ake anausoketsa iye asanabadwe. Ankauchapa okha, osalola munthu wina kuukhudza.

"Ndiye muwavule? Pamaso pa anthu onsewa? Kuti azungu anuwo akhutire?"

"Si onse azungu," anatero a Raymond mofooka, ngati zimenezo zikanathandiza. "Ine sindinapange malamulowa."

"Nanga ndani? Aliyense amati si iye! Kuti munthu aphunzire ayambe wavula bambo ake?"

Che Wadi analowa m'nyumba. Anthu anadikira. Atatuluka anali atavala malaya awo akumunda, ong'ambika paphewa, mabatani awiri okha, ndi buluku la zigamba m'mawondo. Kachisoti kokha sanavule. Anayenda osafulumira, kudutsa mkazi wawo, kudutsa anzawo a kumzikiti omwe anali kumpanda, n'kukaima pakhomo pa nkhokwe.

Hidaya anathamanga n'kuima pakati pa iwo ndi foniyo.

"Ababa, ayi. Zisiyeni. Ndibwerera kuno, ndidzalima. Asatijambule."

"Unatsegula ndiwe nkhokweyi," anatero Che Wadi, osakweza mawu. "Yatseguka basi. Ukufuna manyaziwa apite pachabe? Choka, mwanangu, ukutchinga."

Hidaya anachoka.

"Mwina mutayang'ana pansi pang'ono, bambo," anatero a Raymond.

"Jambulani mmene ndililimu."

Ndipo anayang'ana foniyo molunjika, mutu uli chilili, mpaka a Raymond anajambula n'kutsitsa dzanja.

Popita kugalimoto a Raymond anamuuza Hidaya kuti asade nkhawa, ndi zithunzi zimenezi mayeso alemba ndipo chipinda apeza, atsimikiza okha. Ankayembekeza mwina kuti athokozedwa. Hidaya anangowayang'ana. Anali Abiti Ayubu amene anabwera akuthamanga ndi kambale kokutira, muli chiwalo cha nkhuku chomwe chinatsala, kuti mlendo akadye panjira. A Raymond anakana, anakananso, koma mayiwo anakayika pampando wa galimoto n'kutseka chitseko okha.

Galimoto itapita, anthu anabalalika mwakachetechete, aliyense atanyamula chake. Wa mafuta anatenga botolo lake. Aphunzitsi anatuma anthu kudzatsitsa sola. Panatsala masofa.

Che Wadi anagwira mbali imodzi ya sofa yaikulu. "Gwira uko."

"Ababa, kavaleni kaye mkanjo. Tidutsa pamsika."

"Aona kale."

Ananyamula. Sofayo inali yolemera kuposa maonekedwe ake, ndipo thabwa la pansi linkamudula Hidaya zala. Bambo ake anali kutsogolo, atamufulatira, phewa lawo likuonekera pong'ambika paja. Pamsika anthu ankapereka moni, Che Wadi n'kumayankha aliyense bwinobwino, "Sikomo, sikomo, tili bwino," ngati palibe chachitika. Hidaya ankafuna kukuwa, koma sankadziwa kuti akuwire ndani. A Raymond anali atapita kukajambula umphawi wa munthu wina. Eni thandizo anali kutali, ndipo mawa lake iye adzayenera kuwalembera mawu othokoza.

Atayandikira golosale ya Che Sadiki anatula kuti apume. Hidaya anapukuta maso ndi mkono.

"Ababa, ndikadzamaliza, malipiro anga oyamba ndidzakugulirani masofa anuanu. Oposa awa."

Che Wadi anayang'ana sofayo, anasasa fumbi pomwe panakhala mlendo paja.

"Usadzagule," anatero. "Subira nayenso akufuna yunivesite."

Anawerama n'kugwiranso mbali yawo.