Mphete ya ku Joni

A Enos Chirwa ndi munthu woti akaona chinthu chosawala mtima umawapweteka. Nsapato amazipukuta ngakhale akungopita kukagula mchere pa Chintheche pomwepa. Anthu amati Atonga ndi otchena, koma a Enos anawonjeza.

Chonyadira chawo chachikulu chinali mphete ya akazi awo, a Lucy. Anaigula ku Joni chaka chimene matipate ankalowa, kwa munthu wina wa mumsewu amene analumbira kuti ndi golide weniweni. Anakawaveka m'tchalitchi ku Bandawe, ndipo kuyambira pamenepo mlendo aliyense wofika pakhomopo ankamva mbiri ya mpheteyo asanapatsidwe ndi madzi omwe.

A Lucy ankaisamala ngati dzira. Asanagwire sopo, kapena asanavuule chinangwa m'madzi owawasa amene amachiviikamo, ankayamba aivula n'kuiika m'kambale pawindo. Kutsuka kwake kunali madzi ofunda ndi kansalu kofewa, basi. A Enos ankaziona izi n'kumang'ung'udza chamumtima kuti golide wotere sangamangosisitidwa ngati khanda.

Tsiku loti mawa lake ndi ukwati wa mwana wawo Temwa, a Lucy anali kuseri ndi amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi, akusinja chinangwa cha alendo. A Enos anaipeza mphete m'kambale muja, ndipo m'maso mwawo inaoneka yozilala. Mayi wa mkwatibwi akaime ndi chinthu chotuwa pamaso pa akuchimuna? Anatapa mchenga umene amakwechera mapoto, anasakaniza ndi phulusa, n'kufinyirapo ndimu. Kenako anakhala pansi pa mtengo wa mango nayamba kukwecha, uku akuimba mluzu.

Atatsukuluza, mluzu unathera pakamwa. Golide yense anali atapita ndi madzi. M'dzanja mwawo munatsala kamkuwa kofiirira, kongofanana ndi kamene amalumikizira mipopi.

Anachita mantha kwambiri. Za wakuba wa ku Joni uja analibe nazo ntchito. Chimene chinawaopsa n'choti a Lucy adziwa kuti zaka zonsezi akhala akuvala bodza, ndipo adziwa pa tsiku loti m'dera lonse maso ali pa iwo.

Anaiponya m'thumba n'kupalasa njinga mpaka kugolosale ya mayi Faida, amene anabwera ndi amuna awo kuchokera ku Mangochi kudzachita malonda a usipa, ndipo pambali amagulitsa ndolo ndi zibangili. A Enos anayamba ndi kufunsa za moyo wa ana, za mvula, za mphepo ya mwera, mpaka anatulutsa kamkuwa kaja n'kufunsa monong'ona ngati kangabwerere mwakale.

Mayi Faida anaseka mpaka chipini chinagwedezeka pamphuno. Anati chopaka chikachoka chachoka, ndipo palibe mankhwala ake pa Chintheche pano. Atapukuta misozi anawauzanso china, kuti a Lucy anaibweretsa mpheteyo kalekale, Temwa akadali kumsana, itayamba kufiira chamkati. Mayi Faidawo ndi amene anawauza a Lucy kuti golideyo ndi wongopaka pamwamba, n'kuwaphunzitsa za madzi ofunda ndi kansalu zija.

"Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuzeni, bambo Chirwa. Ankati mukadziwa mudzasiya kudya."

A Enos anabwerera akukankha njinga. Anali ndi manyazi, komanso ankawamvera chisoni akazi awo. Anakumbukira alendo onse amene anawauza za golide wa ku Joni, a Lucy ali pambali akungogwedeza mutu.

Anawapeza akazi awo ataima pawindo, manja ali mbuu ndi ufa, akuyang'ana kambale kopanda kanthu. A Enos anatulutsa mphete ija m'thumba. Anangotambasula dzanja.

A Lucy anaitenga, anaitembenuza, n'kuinunkhiza.

"Ada, mwaithira ndi mandimu omwe?"

A Enos anavomera ndi mutu. Anayamba kulonjeza kuti atumiza uthenga kwa mphwawo Aleck ku Joni kuti apeze ina, yeniyeni, yokhala ndi umboni wake. A Lucy sanawalole kumaliza. Anapukuta chala pachitenje n'kuwapatsa dzanja, monga anachitira ku Bandawe kuja.

"Ndivekeni. Ine m'tchalitchi muja sindinavomere golide."

A Enos anawaveka, amayi a Umanyano akusuzumira pakhomo. Mmodzi analephera kupirira, analiza nthungululu.

Mawa lake pa pelekanipelekani a Lucy anavina dzanja lili m'mwamba, kamkuwa kakung'anima kuposa mphete ya mkwatibwi, poti kunena zoona a Enos akakwecha chinthu chimawala. Alendo atabalalika, a Enos anawapeza akazi awo ataviika manja onse m'madzi a chinangwa, mphete ili kuchala. Anathamangira kambale kaja, koma a Lucy anawabweza.

"Kasiyeni, Ada. Ndavula mokwanira."