Chinangwa Chotchedwa Asiatu

Kwawo kwa Tikhala, kufupi ndi Lungwena, mbewu imatenga dzina la amene wabwera nayo. Motero chinangwa chofewa, chosawawa, cha mitengo yofiirira, chinkatchedwa Asiatu. Asiatu anali mayi ake a Tikhala. Iwo anatsika nacho kuchokera ku Namwera, kamtolo pamutu, potsatira mwamuna wawo, a Rabson, msodzi. Anagawira aliyense wopempha, ndipo anamwalira Tikhala ali Fomu 1.

Tikhala sanali wolankhulalankhula. Koma pamsika ankayenda mozengereza dala pafupi ndi amayi ogulitsa chinangwa, kuti angomva akuitanira: “Asiatu uyu, wophika lero!”

Tsiku lina aphunzitsi a zaulimi anafotokoza kuti chinangwa sichibereka ngati chimanga. Kamtengo kodulidwa nkubzalidwa si mwana wa kanzake ayi, ndi thupi lomwelo likupitirira kukula pamalo ena. Ataweruka, Tikhala anakaima m'munda nthawi yaitali, atagwira tsinde. Ndiye kuti ichi chinali chomwe chija mayi ake anasenza.

Chaka chotsatira chinangwa chinayamba kuwola chikadali m'nthaka. Ukachidula, mkati munali mikwingwirima yoderako, youma ngati nkhuni. Alangizi atabwera anati matendawo amayenda m'mitengo yomwe anthu amagawana. Chonse chizulidwe nkuwotchedwa, mbewu yatsopano ibwera.

Mudzi wonse unazula. Tikhala anabisa kamtengo kamodzi m'chitenje, nakakabzala kuseri kwa bafa. Ankakathirira madzi otsukira mbale. Kanaphuka, koma masamba atakula anatuluka mawanga achikasu m'mbali mwa mitsempha.

A Rabson anakapeza akupita kukayanika ukonde. Sanakalipe. Anakhala pansi pafupi ndi mwana wawo, namukumbutsa kuti minda ya anzawo, yongobzalidwa kumene, ili pafupi pomwepo, ndipo tizilombo touluka tofalitsa matendawo sitidziwa mpanda.

“Ababa, katsala kokhaka,” anatero Tikhala.

“Ndikudziwa, mwanangu. Koma amayi ako sanapatsepo munthu chinthu chodwala.”

Tikhala anakazula yekha. Kanali katayamba kale kuika timizu toyera, tonga zala za khanda. Anakaika pamoto, nakhala pomwepo mpaka katapsa.

Chinangwa chatsopano chinabereka bwino, ndipo anthu anachitcha Chaalangizi. Amayi apamsika anazolowera dzinalo msanga. Masiku ano Tikhala akamadutsa pamenepo, amayenda mofulumira.