Mphamvu Yotsala M'wotchi

Amuna anga anali mphunzitsi wa sayansi, ndipo sayansiyo sankaisiya kusukulu. Ankabwera nayo kunyumba pamodzi ndi fumbi la choko la m'matumba a jekete. Ndikasenza ndowa ya madzi n'kuima pakhomo kudikira kuti anditsekulire, ankati malinga ndi mabuku awo, poimapo sindikugwira ntchito iliyonse, poti ndowayo siikusuntha. Ine ndinkawauza kuti aisenze okha, tione ngati mabukuwo angawapoze khosi.

Pabalaza pathu pali wotchi yakale ya pakhoma, yosafuna mabatire. Lamlungu lililonse ankakwera pampando, kulowetsa kiyi n'kumapotokola mpaka sipuling'i ya m'kati itakungika. Akutero ankandiphunzitsa, ngakhale sindinalembetseko kalasi yawo. Ankati dzanja likakankha kiyi, kiyiyo n'kuzungulira, imeneyo ndiye ntchito. Mphamvu ya dzanjalo siitayika ayi, imakakhala m'sipuling'imo, ndipo wotchi imaitapa pang'onopang'ono ngati mayi wosamala mchere. Zimene iwo ankathira m'kanthawi kochepa, wotchi inkadya sabata yonse n'kupitirirako.

Lamlungu lomaliza anakwera pampandopo akupuma movutikira. Ndinawakalipira, koma makani anali chakudya chawo. Pakati pa sabata anamwalira kuchipatala, ine nditatuluka kukagula sopo. Zaka zonsezi tili limodzi, koma pa mphindi imodzi yofunikayo ndinali pamzere m'sitolo, nditagwira sopo m'manja. Zimenezi zinkandiwawa kuposa imfayo.

Maliro atatha, anthu atabalalika, m'nyumba munati zii. Apo m'pamene ndinaimva wotchi ikugunda. Chimene chinkayendetsa mivi ija chinali dzanja la amuna anga. Munthuyo tinali titamuika, koma kamphamvu kake kanali kadakali pakhoma langa, kakutuluka pang'onopang'ono.

Ndinatsimikiza mumtima kuti ulendo uno sindichoka. Ikadzagunda komaliza, ndidzakhala ndili pomwepo. Ndinakokera mpando wanga pansi pa wotchiyo, n'kumasokera pomwepo, kudyera pomwepo. Sindinauze munthu, poopa kuti anena kuti mutu wa mayi wamasiye wasokonekera. Ndinkawasowa kwambiri bambo aja, ndi maphunziro awo osapemphedwa omwe.

Lamlungu linadutsa. Lolemba wotchi inayamba kutsalira, kugunda kwake kukumveka kolefuka ngati mapazi a munthu wotopa. Ndinadziwa kuti yatsala pang'ono.

Masana ake kunabwera mlamu wanga, mng'ono wa malemuwo. Iyeyu ndi makaniko, munthu wa mtima wabwino koma wa manja oyabwa, woti sangaone chinthu chofooka osachigwira. Anandifunsa za thupi, za ana, za denga lodontha. Mlendo sangakhale kukamwa kouma, choncho ndinapita kukhitchini kukamuterekera tiyi, khutu limodzi nditalisiya pabalaza.

Madzi asanawire ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa, kenako kulira kwa kiyi kuja, kre, kre, kre. Ndinathamanga ndi supuni m'manja. Ndinamupeza akutsika pampando, akupukuta manja pabuluku, nkhope ili mwee.

"Alamu, wotchi ya achimwene inatsala pang'ono kuima," anatero. "Ndaikunga mpaka kumapeto. Musadandaule, ndizibwera Lamlungu lililonse, siidzaimanso."

Ndikanamuuza chiyani? Maso ake anali ofiira, nayenso anali atataya mkulu wake, ndipo ichi n'chokhacho chimene manja ake akanatha kuchitira malemuwo. Ndinati zikomo, ndipo ndinamuthirira tiyi.

Atapita ndinabwerera pampando wanga. Wotchi inkagunda mwamphamvu, mivi ili pa nthawi yake yeniyeni. Penapake m'katimo kamphamvu kotsala ka amuna anga kanali katasakanikirana ndi mphamvu ya mng'ono wawo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, nditatchera khutu kuti mwina ndingazindikire kugunda kumodzi kokha kwa dzanja lawo. Konse kunkamveka chimodzimodzi.