Galimoto ya Denzel Yasiya Kulongolola

A Zebron a ku Unit D, dera lina la ku Chitungwiza, anakonza mabasi mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo pa zaka zonsezo anatolapo mfundo imodzi imene munthu sakanawatsutsa nayo: giyabokosi ikayamba kulira, ndiye kuti ikutsanzika. Akazi awo, a Julia, atamwalira, m'nyumba munangotsala iwo ndi wailesi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Denzel, ankachita lendi kachipinda ku Harare kopanda ndi poimika njinga pomwe, choncho galimoto yake ya mipikisano inkagona ku Chitungwiza, kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Loweruka lililonse ankakwera kombi, minibasi ya kumeneko, kudzaiona.

Kudzaona galimoto, osati bambo ake. A Zebron ankadziwa zimenezi ndipo zinkawawawa, koma mlendo ndi mlendo ngakhale atabwerera chitsulo. Mnyamatayo moni wake unkathera pageti, kenako n'kulowa pansi pa galimoto. Bambo ankangocheza ndi mapazi. Iwo akalankhula Chichewa, mapaziwo ankayankha m'Chishona, liwu limodzi kapena awiri.

Tsono galimotoyo inali ndi kakhalidwe koipa. Akailiza n'kuisiya chiimire osalowetsa giya, pansi pake pankamveka gobedegobede ngati miyala m'chitini. Akaponda kilatchi, zii. Akachotsa phazi, yayambiranso kulongolola.

"Iwe, giyabokosi iyi yatha," anatero a Zebron tsiku lina.

"Ndizvo zvainoita, baba," anayankha Denzel ali pansi pomwepo, kutanthauza kuti ndi mmene imachitira.

A Zebron anangopukusa mutu. Ana a masiku ano chinthu chikawakanika amati ndi mmene chimachitira, kuiwala kuti galu wamkota sakandira pachabe. Iwo anaona kuti nkhaniyi aimvetsa. Mwanayu akuthera tsiku lonse m'fumbi chifukwa akusaka phokosoli, ndipo akuchita manyazi kufunsa bambo ake. Phokoso likangotha adzatuluka pansi apo, adzakhala pampando ngati munthu, ndipo adzacheza.

Tsiku lina a Zebron akufuna khasu m'kanyumba kosungiramo katundu, anapunthwa pa thumba lolemera. Mkati munali fulayiwilo, chitsulo chozungulira chija chimene chimakhala pakati pa injini ndi kilatchi, pamodzi ndi kilatchi yake. Inali yochotsedwa m'galimoto ya Denzel, koma yabwinobwino, yonenepa, mano onse ali m'malo. Anatenga tochi, anakwawira pansi pa galimoto n'kusuzumira pa kabowo. Imene inali mkatiyo inali yopyapyala ngati chivundikiro cha poto. Mtima unawapsa. Anthu ogulitsa zitsulo amupusitsa mwana wawo. Fulayiwilo yolemera imameza kunjenjemera kwa injini, koma yopanda mnofu ngati imeneyo imangokupititsa konse ku magiya, iwo n'kumakukuta mano.

Anaitana a Bernard a ku Zengeza 1, ku Chitungwiza komweko, mnzawo wakale wa ku mabasi. Madala awiriwo analimbana ndi giyabokosi sabata yonse, misana ikulira kuposa galimotoyo. Ataibwezera fulayiwilo yolemera n'kuliza injini, pansi panali phee. A Zebron anaseka okha, chinthu chimene anali atasiya kuchita chiikireni maliro a akazi awo.

Loweruka anasamba m'mawa, anavala malaya a kutchalitchi, anatulutsa mipando pakhonde. Denzel atafika, iwo anamupatsa makiyi, nkhope ili ngwee.

Denzel analiza galimoto n'kutchera khutu. Anaponda moto, injini n'kudzuka mwaulesi ngati ng'ombe yokhuta. Anapondanso, chimodzimodzi. Anazimitsa, anatuluka, ndipo maso ake anagwa pa fulayiwilo yopyapyala ija itatsamira khoma.

"Baba, maitei?" anafunsa.

"Ukufunsa chimene ndachita? Ndakukonzera," anatero a Zebron. "Anakubera, mwana wanga. Tsopano vuto latha. Tiye tikakhale pakhonde."

Denzel anatembenukira kwa bambo ake. Kenako analankhula Chichewa, pang'onopang'ono, akusankha mawu kuti bambo ake asaphonye ngakhale limodzi.

"Bambo, yopepukayo ndinaiika dala. Imathandiza kuti injini idzuke msanga, ndiye pa mpikisano ndimachoka anzanga asanachoke. Phokoso lija si matenda, galimoto zonse zotere zimalira choncho. Mpikisano uliko sabata yamawa."

A Zebron anali atadikira zaka kuti amve mwana wawo akulankhula chinenero cha makolo ake motalika chonchi, ndipo lero mawuwo anawalasa. Anachita manyazi, anachitanso mantha. Akanakonda mwanayo akanawakalipira, chifukwa munthu wokalipa amakhalitsa pang'ono. Koma Denzel anayang'ana manja a bambo ake, okhala ndi timabala tatsopano, n'kungoti, "Mwavutika nayo. Zikomo."

Ananyamula fulayiwilo yopepukayo ndi kilatchi yake n'kuziika kumbuyo kwa galimoto, kenako analowa m'kanyumba kaja n'kutulutsa bokosi la masipanala.

"Ndiipititsa kwa mnzanga Trymore ku Harare," anatero. "Ali ndi galaja yokhoma. Izikhala komweko kuti musamavutike nayo."

"Ine ndikhoza kuibwezera. Mawa lomwe ndiitana a Bernard."

"Ayi bambo, pumulani."

"Nanga Loweruka ubwera?"

Denzel anali atakhala kale pa chiwongolero. "Ndichaona, baba," anatero, atabwerera ku Chishona chake. A Zebron ankadziwa bwino kuti munthu akati ndiona amakhala ataona kale.

Anamutsegulira okha geti. Galimoto inaima pang'ono kudikira kuti kombi idutse, ili phee, osagobedeza paliponse, ntchito yoyera kwambiri imene manja awo anagwirapo. Anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota kulowera ku Seke Road. Atatseka geti, kusungulumwa kumene kale kunkawapatsako mpumulo Loweruka kunalowa nawo m'nyumba.