Bokosi Loyera la Panazale

Chaka chimene anabwera kudzaimika bokosi lija, Tithokoze anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo m'mutu mwake munali modzaza misewu ya ku Lilongwe imene anali asanaipondepo. Choncho pamene galimoto yoyera inaima m'mbali mwa dambo pa esiteti ya fodya ku Lisasadzi, n'kutsikamo mnyamata wamagalasi, malaya opisira bwinobwino, mtima wa mtsikanayo unangoti: ndi ameneyu.

Dzina lake anali Mandla, wa kafukufuku wa zanyengo. Anasonkhanitsa matenanti n'kuwauza kuti mayiko anapangana kuti dziko lisatenthe kupyola digiri imodzi ndi theka poyerekeza ndi kale, koma tsopano akatswiri akuti malirewo tiwapyola ndithu. Bungwe lake, anatero, liimika mabokosi opimira kutentha m'madera atatu kwa zaka ziwiri. Dera limene lidzapezeke kuti lapsa kuposa ena lidzalandira mjigo wa pampu ya sola.

Zamadigirizo zinangodutsa pamwamba ngati khwangwala, koma mawu oti mjigo aliyense anawamva. Chitsime cha m'dambo chinkathawira pansi chaka ndi chaka. A Yobe, bambo ake a Tithokoze, tenanti wochokera ku Phalombe, anali atauzidwa kale ndi mwini esiteti kuti nazale yawo ikapitiriza kufa, apinde mphasa, ena alowe m'nyumbamo.

Mandla anazika mtengo pafupi ndi mabedi a mbande a a Yobe, n'kukhomapo bokosilo. Linali loyera mbee, lamipata m'mbali ngati khola la nkhunda. Anamuonetsa Tithokoze powerenga manambala, m'mawa ndi masana, n'kumupatsa kope ndi nambala yake ya foni.

"Muzinditumizira Lachisanu lililonse, achemwali. Ndizibwera pafupipafupi."

Sanabwerenso.

Galimoto itangopita, a Yobe analizungulira bokosi lija kawiri, manja kumbuyo.

"Ana a masiku ano," anatero. "Katundu wodula chonchi n'kumusiya padzuwa la Okutobala? Penti yonseyi isuwe, mawa adzati anthu a kuno ndi osasamala?"

Kwa munthu wa fodya, chinthu chaphindu sichikhala padzuwa. Mbande amaziphimba ndi udzu. Tsamba amalipachika m'chigafa. Fodya akauma kwambiri amamufunditsa chiguduli chonyowa kuti asafumbutuke. Ndiye a Yobe anadula mitengo inayi, anafolera kadenga ka udzu pamwamba pa bokosilo, m'mbali n'kupachika ziguduli. M'mawa ndi madzulo, akamaliza kuthirira mabedi, keni yomaliza inali ya bokosi. Madzi ankachita kuwadikira kuti adikhe pansi pa chitsime, koma mlendo sankamanidwa.

Tithokoze anadzala maluwa kuzungulira. Tsiku lina anavala diresi yake yachikasu, anaima pambali pa kanyumbako, dzanja limodzi pachiguduli, n'kujambulitsa. Chithunzicho anatumiza kwa Mandla. Anadikira masiku atatu, foni m'manja ngakhale popita kumunda. Yankho linabwera: kachala kamodzi koloza m'mwamba. Iye anakayang'ana kachalako nthawi yaitali mpaka anapezamo chikondi.

Zaka ziwiri zinatha. Okutobala wachitatu anafika ndi dzuwa lothetsa mankhalu. Nkhuku zinkangoyenda kukamwa kuli yasa. Chitsime chinatsala matope okhaokha, ndipo mabedi asanu ndi limodzi a a Yobe anali atayamba kufiira m'mphepete. Pamenepo ndi pamene kunabwera uthenga woti zotsatira zatuluka, anthu abwere ku msonkhano.

Anadzutsa tenti pabwalo la mpira. Akuluakulu anakhala pamthunzi, aliyense botolo la madzi patsogolo, ena kumwa pang'ono n'kulitaya pansi pa mpando. Matenanti anakhala kunja kwa tenti, amayi atadzifunditsa zitenje kumutu. Tithokoze anavala diresi yachikasu ija. Mandla analipo, atanenepa m'masaya, akulimbana ndi mawaya. Anamuyang'ana Tithokoze kamodzi monga mmene munthu amayang'anira chitsa.

Woyankhula wamkulu anali Dokotala Mwavi, mkulu wa kafukufukuyo, munthu wa mawu osalala ngati wodzola mafuta pakhosi.

"Anthu anga," anayamba, ngakhale panalibe munthu wake pamenepo, "tisabisane. Malire aja dziko liwapyola. Koma tisataye mtima. Kafukufuku akuonetsa kuti mayiko akachepetsa utsi, akadzala mitengo, akapeza njira zochotsera mpweya woipa m'mlengalenga, kutentha kungathe kudzatsikanso. Tipyola, koma tidzabwerera."

"Liti, bwana?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Mwina zaka makumi asanu, mwina kupitirira."

"Ee, basi tidikira," anatero mayiyo. "Mudzatiuze kumanda kuti kwazizira."

Anthu anaseka. Adokotala anasekanso, ngati nthabwalayo inali yawo, kenaka anatembenuza pepala.

"Tsopano nkhani yabwino. Mwa madera atatu aja, kuno ku Lisasadzi ndiye kozizira kuposa konse. Zatidabwitsa kwambiri! Masana bokosi lanu limatsika ndi madigiri angapo poyerekeza ndi anzake. Ife tikuganiza kuti ndi mphamvu ya dambo lanuli, ndipo a Mandla alembapo kale pepala limene akaliwerenge kunja kwa dziko lino. Mudziombere m'manja! Mjigo upita kwa anzathu a kwa Kaluluma."

M'manja munaomba anthu a m'tenti okha.  Thukuta linkatsika m'misana ya anthu a kudera kozizira kuposa konse.

 Manambala aja Tithokoze analemba yekha, ndi dzanja lake, osaphonya ngakhale tsiku limene anadwala malungo. Ankawalemba mokongola, poganizira maso amene adzawawerenge. Asanapeze chonena, anaona bambo ake akuimirira, chipewa m'manja. A Yobe anali atamva zoti bokosi lawo lapambana anzake, ndipo kwa iwo kupambana kunali kupambana basi.

"Zikomo bwana. Ine ndine Yobe, mwini nazale pamene pali bokosi lanu. Ndimati ndingonena kuti katundu wanu ali bwino. Dzuwa silinamukhudzepo ngakhale tsiku limodzi. Tinamufolera, ziguduli timasintha, ndipo sanagonepo ndi ludzu, madzi timamuthirira m'mawa ndi madzulo. Penti ikadali momwe munaisiyira. Mukhoza kukaona."

Anakhala pansi, akuyembekezera kuthokozedwa.

Botolo la adokotala linaima panjira lisanafike kukamwa. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Mandla. Mandla anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Madala, mwati munatani? Munalithirira?" Mawu ake anakwera ngati a mwana wolandidwa chimanga chootcha. "Bokosi limenelo limayenera kukhala poyera! Zaka ziwiri zonse! Ndiye vuto logwira ntchito ndi anthu osaphunzira limeneli. Nanga uyu wolemba manambalayu, si anafika Fomu 4? Osandiuza bwanji?"

Uyu. Ngakhale dzina anali ataliiwala.

Tithokoze sanadziwe kuti miyendo yamunyamula nthawi yanji. Anangozindikira ali m'kati mwa tenti, pamthunzi wa akuluakulu, foni ili m'manja.

"Dzina langa ndi Tithokoze, achimwene. Ndinakuuzani." Anatsegula chithunzi chija n'kuchiika pamphuno pa adokotala. "Onani, bwana. Denga ilo. Ziguduli izo, zikudontha madzi. Keni iyo pansipo. Tsiku lake lili pamwambapo. Ndipo yankho la ophunzira ndi ili." Analoza kachala kaja. "Ine ndimayesa munthuyu sanandione ine ndekha. Ndiye kuti ngakhale bokosi lake lomwe sanaliyang'ane."

Kunja wina anaimba mluzu. Mayi uja anati, "Auze, mwanawe!"

"Bambo anga sanapite kusukulu, koma anayenda ndi keni masiku asanu ndi awiri pa sabata kupita pa bokosi lanu, m'mawa ndi madzulo. Inu wa magalimoto munabwera kangati? Kuchokera ku Lilongwe kufika kuno mpaka pasipoti? Pepala lokawerenga kunja mwalemba, za dambo limene simunalipondemo. Tiyeni pompano mukalione dambo lozizira dziko lonselo. Mukapezamo madzi odzaza botolo lanulo, ine ndimwa matopewo."

Adokotala anakweza dzanja mofatsa, ngati wansembe.

"Mtsikana wanzeru kwambiri. Tiwaombere m'manja achinyamata otere." Anatsokomola. "Zikatere ndiye kuti manambala a kuno aonongeka, sitingawagwiritse ntchito. Ndondomeko yathu imati thandizo lipite kumene kuli umboni. Kwa Kaluluma umboni ulipo. Koma musadandaule, sitikutayani. Muchotse dengalo, tiyambirenso kupima. Zaka ziwiri zokha, tidzabwerera."

"Mbande zathu zatsala ndi masabata atatu, bwana."

"Ndikumvetsa," anatero adokotala, akuyang'ana wotchi. Kumbuyo kwa tenti anali atayamba kugawa mabanzi.

A Yobe anabwerera kwawo, Tithokoze ali pambuyo. Dzuwa linali likadali pamutu. Atafika panazale anaima kuyang'ana kanyumba kawo kaja, udzu wake wosanjidwa bwino kuposa wa padenga la nyumba imene ankagonamo.

"Iwe Titho," anatero potsiriza, "ndiye kuti ndikanalisiya lipse, mjigo ukanabwera?"

"Musadzifunse zimenezo, ababa. Gwirani uko."

Anazula mitengo ija. Udzu anakauyala pa mabedi awiri amene anali akadali obiriwira, ziguduli n'kuphimbira m'mphepete. Madzulo amenewo keni yomaliza inapita ku mbande.

Sizinathandize kwenikweni. Mvula inachedwa mpaka sabata yachitatu ya Disembala, ndipo mbande zopulumuka sizinakwane ngakhale theka la munda. Kapitawo anabwera ndi mawu a mwini esiteti, aafupi. A Yobe ndi banja lawo anapinda mphasa.

Ali pamwamba pa lole, pakati pa ndowa ndi matumba, foni ya Tithokoze inalira. Anali Mandla: achemwali, chonde pitirizani kutumiza manambala Lachisanu lililonse, ndi ofunika kwambiri pa gawo lachiwiri. Iye anawerenga kamodzi kokha. Anamutumizira kachala kamodzi koloza m'mwamba, n'kubweza foni m'thumba.

Lole inadutsa m'mbali mwa dambo. Bokosi lija linali chiimire pamtengo wake, padzuwa pamtetete, penti itayamba kusuwa kumbali imodzi, kope lili m'kati mwake mmene Tithokoze analisiya. A Yobe analiyang'ana mpaka linabisika ndi zigafa.