Mthunzi pa Denga la Magalita

"Amama, kodi dzuwa la ku Lusaka ndi lomweli?" Ruth anafunsa ali ndi zaka zisanu, akuonerera mabasi akudutsa pa Mtenguleni. Magalita sakumbukanso chimene anayankha. Lero mwanayo ali ku Lusaka komweko, chaka chachinayi osabwera, ndipo mawu ake amamveka Lamulungu lokha, akapuma pa ntchito ya m'nyumba ya eni.

Ruth yemweyo ndiye anatumiza sola pa basi, kuti foni ya amake isamathe moto. Howard wokonza mawailesi anaikhoma padenga mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndipo batire inkadzaza nkhomaliro isanakwane. Palibe anaganiza kuti dzuwa limasamuka. Pofika Juni linapendekera kumpoto, ndipo kumpotoko kunali mtengo wa mango wa a Buruhani, oyandikana nawo nyumba. Mthunzi wake unkagona pa solayo pafupifupi tsiku lonse. Masabata awiri otsatizana foni inazima Ruth atangoti, "Muli bwanji, amama?"

Magalita ankaidziwa nthambi yake, yaikulu yodutsa pamwamba pa mpanda. Ankadziwanso kuti mtengowo anabzala ndi malemu Zuhra, mkazi wa a Buruhani, ndi kuti bambowo akabwera kuchokera kusitolo kwawo ku Chipata amafikira patsinde pake. Loweruka anapitako ndi mtedza m'kambale, mawu atawakonzeratu, koma atafika anangokamba za chisanu.

"Amake Ruth," a Buruhani anatero akusenda mtedza, "mwayang'ana m'mwambamo kanayi. Mango ndi a Novembala, mwafulumira."

"Si mango, aneba. Ndi mthunzi."

Anawafotokozera zonse. A Buruhani anayang'ana nthambiyo nthawi yaitali.

"Pamenepo m'pamene Zuhra ankamanga chingwe choyanikira zovala," anatero. "Chipsera chake chikuoneka mpaka lero."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake pakamwa pamandilemera."

"Mwana amaimba nthawi yanji?"

"Tikatuluka m'tchalitchi."

A Buruhani anaimirira pang'onopang'ono nazungulira nyumba yawo, dzanja lili pamphumi, Magalita ali pambuyo. Pa malata a mbali ya kumpoto panalibe mthunzi ngakhale wa tsamba limodzi. Malatawo ankachita kuthobwa m'maso.

"Nthambi sindidula, mundikhululukire. Koma denga ili likungootheredwa ndi abuluzi. Muuzeni Howard abwere ndi waya wautali mawa m'mamawa, adzasamutsire sola yanu pano."

"Mawa ndi tsiku lopemphera."

"Lanu limenelo. Langa linali dzulo."

Magalita anaseka, koma misozi inali pafupi.

"Makwerero ndimugwirira ndine," a Buruhani anapitiriza. "Mukamatuluka m'tchalitchi mupeza batire yayamba kumwa."

"Nanga dzuwa likadzabwerera pakati?"

"Solayo ikhale pomwepo. Ine ndili moyo, palibe adzaitsitse."

"Inenso," Magalita anatero, "za nthambi ya Zuhra simudzandimvanso."